KUSANKHA LAPUTOPU YOYENERA NCHITO NDI MUDZI

Nkhani yokambidwa kwa aphunzitsi ndi anthu a ku Likangala, m'Boma la Zomba

Mafumu, aphunzitsi, alembi a mabungwe a alimi, amai ndi abambo a ku Likangala, nkhani ya mwezi uno ndi ya makina amene mbiri yache yafika tsopano ngakhale m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa. Makinawo ndiwo laputopu, kompyuta yaing'ono yopindika ngati buku, imene munthu angathe kuinyamula m'chikwama. Mwana akasankhidwa kupita ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba kapena ku koleji ya aphunzitsi ku Domasi, sipapita masabata ambiri asanaimbe lamya kwao kupempha laputopu. Mphunzitsi aifuna kuti azilemberapo mayeso ndi malikisi a ana. Mlembi wa alimi a pa sikimu ya mpunga aifuna kuti azisungamo maina a mamembala ndi ndalama zimene apereka.

Kuifuna si kulakwa ai. Koma laputopu ndi katundu wa mtengo wapatali. Pa banja la alimi mtengo wache ungathe kumeza matumba ambiri a mpunga, ndipo kwa mphunzitsi ndi ngongole ya miyezi yambiri. Makina onsewa achokera ku maiko akunja, chifukwa chache pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu May 2022, ndiponso ndi magawo 44 pa 100 mu November 2023, mitengo yache inakwera pomwepo. Anthu a dera lino adziwanso kuti ndalama za mpunga ndi matemba sizibwera mofanana chaka ndi chaka, pakuti nyanja inaphwa mu 1995 ndiponso mu 2018. Munthu akagula molakwa sangabwerezenso msanga.

Msodzi wa ku Kachulu sagula bwato poona utoto wache. Amayamba walingalira za madzi amene adzayendamo ndi katundu amene adzanyamula, pakuti Chilwa ndi nyanja yosazama, ndipo chombo chachikulu cholemera chingatitimire m'matope pamene bwato laling'ono ladutsa bwino lomwe. Wogula laputopu ayenera kuchita chimodzimodzi. Asanafunse mtengo, ayankhe mafunso awiri: makinawa adzagwira nchito yanji, ndipo moto wache udzachokera kuti?

FUNSO LOYAMBA: NCHITO YACHE NDI YOTANI?

Anthu ofuna makinawa ali m'magulu angapo, ndipo gulu liri lonse liri ndi chosowa chache.

Gulu loyamba ndi la iwo amene angofuna kutumiza mauthenga, kumva mitengo ya pa msika, kutumiza ndalama ndi kuonera zithunzi. Oterewa safunika laputopu konse. Foni yabwino igwira nchito zonsezi, idya moto pang'ono, ndipo mtengo wache ndi wochepa. Mlimi amene agula laputopu kuti azimvera nyimbo zokha ali ngati munthu wogula ngolo kuti azinyamulira dengu limodzi la ufa.

Gulu lachiwiri ndi la aphunzitsi, alembi a mabungwe, alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, ndi alembi a mipingo. Nchito yao ndiyo kulemba makalata, mayeso ndi malipoti, ndi kuwerengera ndalama m'mizere. Nchito yotere ndi yopepuka kwa kompyuta. Iwo asafune makina amphamvu koposa. Afune olimba, a mabatani abwino kulembera, ndi a batire lokhalitsa.

Gulu lachitatu ndi la ophunzira a ku koleji. Wophunzira za uphunzitsi, za malamulo kapena za chilankhulo akwanitsidwa ndi makina onga a gulu lachiwiri, makamaka opepuka, pakuti adzayenda nao tsiku ndi tsiku. Wophunzira za uinjiniya, za mapu kapena za makompyuta angafunike makina amphamvu kuposa amenewo. Makolo amuuze mwanayo kuti ayambe wafunsa aphunzitsi ache mapulogalamu amene adzagwiritsa nchito, ndipo ndalama zituluke yankho litabwera.

Gulu lachinai ndi la anyamata ndi atsikana ochita bizinesi pa malo ngati Jali: otaipira anthu makalata, othira nyimbo m'mafoni, ndi ojambula maukwati. Wotaipa makalata safunika mphamvu zambiri, koma asaiwale kuti adzafunikanso pulinta, inki ndi mapepala. Wolumikiza mafilimu a ukwati ndiye yekha afunikadi makina amphamvu kwambiri, ndipo ayenera kukhala pa malo a magetsi odalirika.

Boma lomwe linatsata njira imeneyi. Mu 2023 linayamba pulogalamu ya BEFIT, yophunzitsa ana a Sitandade 1 mpaka 4 kuwerenga ndi masamu. Silinapereke malaputopu kwa anawo ai. Linasankha matabuleti, amene mwana amangokhudza ndi chala, ndipo atchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa pa sukulu pomwepo. Makina anasankhidwa molingana ndi nchito ndiponso molingana ndi moto umene ulipo.

FUNSO LACHIWIRI: MOTO UDZACHOKERA KUTI?

Ili ndilo funso limene wogulitsa wa m'tauni safunsa, koma ku mudzi ndilo lalikulu koposa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa nyumba 100 ziri zonse m'Malawi, pafupifupi 11 zokha ndizo zinali kuunikira ndi magetsi, ndipo zambiri mwa izo zinali za m'matauni. Ngakhale kumene mawaya a ESCOM afika, magetsi amazima. Magetsi ambiri a dziko lino apangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana ataononga malo a ku Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzima kwa magetsi kunabvuta mpaka mu 2023. Chotero batire la laputopu ndi chinthu choyamba kuchiyang'ana.

Pa tchaja chiri chonse palembedwa nambala yotsatana ndi chilembo W, kutanthauza mawati. Laputopu wamba idza ndi tchaja cha mawati 45 kapena 65. Malaputopu opangidwira masewera, aja okhala ndi nyali zamitundumitundu pa mabatani, adza ndi tchaja cha mawati 150 kapena kupitirira, ndi olemera, ndipo batire lao silichedwa kutha. Anyamata amawasirira, koma pa mudzi wopanda magetsi makina otere ndi mtolo chabe.

Anthu ambiri ali ndi kasola kakang'ono koyatsira nyali ndi kutchajira foni, ndipo aganiza kuti katchajanso laputopu. Kawirikawiri sikangathe. Kabowo ka USB ka sola yotere katulutsa mavoti 5, pamene malaputopu ambiri afuna mavoti 19 kapena 20. Wofuna kugwiritsa nchito dzuwa afunika panelo yokulirapo, batire losungira moto, ndi inveta yosandutsa motowo kuti ufanane ndi wa ESCOM, umene uli wa mavoti 230. Panelo ya mawati 100 pa tsiku la dzuwa labwino ikwanira laputopu imodzi pamodzi ndi nyali ndi mafoni a pakhomo. Zonsezi ndi ndalama zina, ndipo munthu wanzeru amaziwerengera pamodzi ndi mtengo wa laputopu asanatuluke m'nyumba. Amene alibe sola aganizire za ulendo wopita kokatchajitsa ndi ndalama zolipira kumeneko sabata ndi sabata.

ZINTHU ZITATU ZA M'KATI

Wogulitsa amatchula mau achilendo msangamsanga, ndipo wogula amangobvomera chifukwa cha manyazi. Koma mauwo sali obvuta. Mlimi ali yense wa mpunga angawamve.

Choyamba ndi purosesa, imene iri ngati makina opunthira mpunga: ndiyo igwira nchito yeniyeni. Zodziwika ndi za makampani a Intel ndi AMD. Anthu ambiri anyengedwa ndi maina akuti i3, i5 ndi i7, poganiza kuti i7 iri yonse iposa zinzache. Si choncho ai. Chofunika ndi mbadwo wache. Pa dzina longa i5-8250U, nambala yoyamba itatha kamzere, ndiyo 8, isonyeza mbadwo wachisanu ndi chitatu. Pa zatsopano manambala awiri oyamba ndiwo anena, monga 10, 11 kapena 12. Purosesa ya i7 ya mbadwo wachiwiri inatuluka mu 2011, ndipo ingathe kupitiriridwa ndi i3 ya mbadwo wachisanu ndi chitatu. Nkhalamba ndi nkhalamba ngakhale itabvala chipewa cha ufumu. Kwa mphunzitsi kapena mlembi, i3 kapena i5 ya mbadwo wa 8 kupita m'tsogolo ikwanira, chimodzimodzinso Ryzen 3 kapena Ryzen 5 ya AMD ya manambala oyambira pa 3000.

Chachiwiri ndi RAM, imene iri ngati mphasa yoyanikapo mpunga. Mphasa ikachepa, munthu ayanika pang'onopang'ono ndipo nchito ichedwa. RAM iyezedwa m'magigabaiti, olembedwa GB. Makina a 4 GB amayenda mokoka miyendo akatsegula zinthu zitatu kapena zinai pa nthawi imodzi. Muyezo wabwino ndi 8 GB, ndipo wolumikiza mafilimu afune 16 GB. Wogula afunsenso ngati RAM ingaonjezeredwe, pakuti m'makina ena inamatiriridwa ndipo sichotsedwa.

Chachitatu ndi chosungiramo, chimene chiri ngati nkhokwe. Chiripo cha mitundu iwiri. Chakale, chochedwa HDD, chiri ndi kambale kozungulira m'kati, nthawi zambiri maulendo 5,400 pa mphindi imodzi, ndipo makina akagwa kapena kugwedezeka ali oyaka, kambaleko kaonongeka pamodzi ndi zonse zolembedwamo. Chatsopano, chochedwa SSD, chiribe kanthu kozungulira, chifulumira kwambiri, ndipo chisunga batire. Kwa munthu woyenda pa kabaza m'miseu ya mabampu, SSD ya 256 GB iposa HDD ya 1,000 GB. Achenjerenso ndi timakina totsika mtengo ta 32 GB kapena 64 GB, pakuti nkhokwe yotere sichedwa kudzaza.

Za kukula kwache, galasi la mainchi 14 ndi lopepuka kunyamula, ndipo la mainchi 15.6 lithandiza wa maso ofooka ndi wowerengera ndalama, popeza ambiri a makina otere ali ndi mabatani a manambala pambali.

MAPULOGALAMU OYENDETSA MAKINA

Malaputopu ambiri m'Malawi ayenda ndi Windows. Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale. Makina a Windows 10 ayakabe ndi kugwira nchito, koma chitetezo chao pa intaneti chinka chichepa. Pa mapurosesa a Intel, Windows 11 ifuna ya mbadwo wa 8 kapena kupitirira, kupatula zowerengeka chabe. Ichi ndi chifukwa china chofunsira mbadwo wa purosesa. Ogulitsa ena amalowetsa Windows 11 mokakamiza m'makina akale, kotero kuti kuiona pa galasi si umboni wakuti makinawo ndi atsopano.

Palinso makina ochedwa Chromebook. Mtengo wao ndi wotsika ndipo batire lao likhalitsa, koma anapangidwa kuti azidalira intaneti, ndipo mapulogalamu a Windows salowamo. Kumene netiweki ya TNM kapena Airtel imadukaduka, ndiponso kumene bandulo igulidwa ndi ndalama za ndiwo, makinawa akhumudwitsa mwini wache. MacBook ya kampani ya Apple ndi yabwino ndithu, koma ndi yodula, ndipo ikaonongeka zipangizo zache ndi amisiri ache sapezeka pafupi.

Amene ali kale ndi laputopu yakale asaitaye. Mmisiri angathe kuikamo SSD ndi kulowetsamo Linux Mint, imene iri yaulere ndipo iyenda bwino m'makina ofooka. Pulogalamu ya LibreOffice nayo ndi yaulere, ndipo ilemba makalata ndi kuwerengera ndalama popanda intaneti. Ina yochedwa Kiwix ilola mphunzitsi kusunga nkhani za Wikipedia m'makina mwache ndi kuziwerenga ngakhale kumene kulibe netiweki.

YATSOPANO KAPENA YA KAUNJIKA?

Malaputopu ambiri ogulitsidwa ku Zomba, Limbe ndi Blantyre anagwirapo kale nchito m'maofesi a kunja. Zimenezi sizichititsa manyazi. Mitundu yopangidwira maofesi, monga Lenovo ThinkPad, Dell Latitude ndi HP EliteBook, inamangidwa molimba, ndipo popeza njofala, mabatire, matchaja ndi magalasi ache apezeka mosabvuta. Kawirikawiri imodzi ya izi, ya zaka zochepa, ithandiza mphunzitsi koposa yatsopano yonyezimira ya purosesa yofooka. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Bvuto la makina ogwirapo nchito liri pa batire. Batire limakalamba: likatchajidwa ndi kutha maulendo mazana angapo, silisunganso moto monga poyamba. Yatsopano ubwino wache ndi batire latsopano ndi chitsimikizo cha sitolo chakuti ikaonongeka m'nthawi yoikika adzaikonza. Wogula ya kaunjika afunse mtengo wa batire lina asanalipire, ndipo auphatikize pa mtengo wonse.

TSIKU LOGULA

Safunsa anadya phula. Munthu asapite yekha ngati sadziwa makinawa. Atenge mphunzitsi wa makompyuta wa ku sekondale, kapena wina wodziwa amene sali mnzache wa wogulitsa. Pa sitolo achite izi:

1. Ayatse makina, alowe pa Settings, kenaka System, kenaka About, ndi kuwerenga yekha dzina la purosesa ndi kukula kwa RAM. Kapepala komata panja kangathe kunama.

2. Azule tchaja ku khoma ndi kugwiritsa nchito makinawo kwa theka la ola, akuona mmene moto ukutsikira. Wodziwa angalembe lamulo lakuti powercfg /batteryreport, ndipo Windows isonyeza moto umene batire linali kusunga liri latsopano ndi umene lisunga lero.

3. Ayese batani liri lonse polemba, ayese mabowo onse a USB ndi fulashi, ayesenso kamera, zokuzira mau ndi Wi-Fi.

4. Atsegule ndi kutseka chibvundikiro kangapo kuti aone ngati mahinjesi ali olimba. Ayang'ane pansi pa makina: ngati patupa, batire latupa, ndipo lotere ndi loopsa chifukwa lingathe kuyaka.

5. Atsimikize kuti palibe mau achinsinsi a mwini wakale otsekera makinawo.

6. Alandire lisiti lolembedwa dzina la sitolo, tsiku, mtengo, nambala ya makinawo imene iri pansi pache, ndi miyezi ya chitsimikizo.

Lisiti ndilo mboni ya wogula. Dziko lino liri ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a anthu onyengedwa pa malonda, koma wopanda lisiti mlandu wache ubvuta. Laputopu yogulitsidwa m'mbali mwa mseu pa mtengo wotsikitsitsa, yopanda tchaja ndi yopanda lisiti, kawirikawiri ndi yakuba, ndipo wolandira katundu wakuba akudziwa kapena akukayika ali ndi mlandu pamaso pa lamulo. Munthu asatumizenso ndalama pa foni kwa wogulitsa wa pa Facebook kapena WhatsApp amene katundu wache sanamuone ndi maso.

KUSAMALA MAKINA KU CHIGWA CHA CHILWA

Adani a laputopu ku dera lino ndi kutentha, pfumbi, madzi ndi tizirombo. M'miyezi ya October ndi November chigwa chimatentha kwambiri. Makina aikidwe pa tebulo kapena pa thabwa, osati pa bedi kapena pa mphasa, kuti mphepo ipite m'timabowo ta pansi. Akatha nchito abvundikiridwe m'chikwama, pakuti pfumbi litseka timabowoto, ndipo mphemvu ndi nyerere zikonda malo ofunda a m'katimo. Mvula ya ziphaliwali ikayamba, tchaja chizulidwe ku khoma. Wokwera bwato kupita ku Chisi akulunge makina m'pulasitiki asanawaike m'chikwama.

Chofunika koposa makina enieniwo ndi zolembedwamo. Madzi osefukira a namondwe Freddy mu March 2023 anasonyeza kuti katundu wa m'nyumba angathe kupita usiku umodzi. Mlembi wa bungwe ndi mphunzitsi azikopera zolemba zao pa fulashi sabata iri yonse, ndipo fulashiyo isungidwe ku nyumba yina. Buku la maina ndi ndalama lolembedwa pa manja lisatayidwe chifukwa chakuti kwabwera kompyuta.

MAU OTSIRIZA

Kwa mphunzitsi, mlembi kapena wophunzira wamba wa ku Likangala, makina oyenera ndi awa: purosesa ya i3 kapena i5 ya mbadwo wa 8 kupita m'tsogolo, RAM ya 8 GB, SSD ya 256 GB, galasi la mainchi 14, tchaja cha mawati 45 kapena 65, batire loyesedwa pamaso pa wogula, ndi lisiti m'thumba. Amene ndalama zache sizinakwane makina otere pamodzi ndi moto wache, ndi bwino adikire kukolola kwina kusiyana ndi kugula chinthu chodzangokhala m'sutikesi. Sukulu kapena bungwe la alimi lingathenso kusonkha ndi kugula laputopu imodzi yabwino ndi sola yache, ndi kusankha munthu mmodzi woisunga ndi buku lolembamo oibwereka.

Aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga apemphedwa kuti awerengere anzao nkhani iyi pa misonkhano ya makolo ndi ya alimi, makamaka mabanja amene ana ao akuyembekeza kupita ku koleji chaka chino.